Uthenga wokopera pa Facebook suteteza nkhope yanu kapena mawu anu

Muno mu Chipata, m'magulu a WhatsApp mumazungulira uthenga wonena kuti munthu akalemba pa Facebook kuti "sindilola zithunzi zanga ndi mawu anga kugwiritsidwa ntchito ndi AI" (AI ndi mapulogalamu a kompyuta otha kupanga zithunzi ndi mawu ofanana ndi a munthu), ndiye kuti wadziteteza mwalamulo. Zimenezi n'zabodza, ngakhale kuti uthenga wotere unafala kwambiri m'maiko ambiri mu 2024. Chimene chimakumangani inu ndi kampani ya Meta, eni ake a Facebook, ndi mgwirizano umene munavomereza potsegula akaunti, ndipo mawu okopera kwa mnzanu sangausinthe. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wakuba amene akufuna kupanga mawu ofanana ndi anu, kuti anamize amayi anu ku Katete atumize ndalama pafoni, sawerenga n'komwe chenjezo lotere.

Chitetezo chenicheni chili m'malamulo. Ku Zambia kuno, lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza zinthu zimene munthu angadziwike nazo, ndipo limafuna kuti wozigwiritsa ntchito akhale ndi chilolezo cha mwiniwake kapena chifukwa china chovomerezeka ndi lamulo. Amene waphwanyiridwa ufulu umenewu angathe kukadandaula kwa Data Protection Commissioner, mkulu woyang'anira lamuloli. Ku America, boma la Tennessee linakhazikitsa ELVIS Act mu 2024, lamulo lotchula mwachindunji mawu a munthu opangidwa ndi makina.

Mukaona vidiyo yabodza yokhala ndi nkhope yanu, sungani umboni wake isanafufutidwe, muidandaulire pa Facebook pomwepo, ndipo ngati pabedwa ndalama, mukanene kupolisi.