Kasinja wa m'bokosi ndi matope a ku Kasungu

Ife amene tinakulira m'mbali mwa msewu wa M1 ku Kasungu, tikatola waya sitinkapinda galimoto ya bwana. Tinkapinda lole yonyamula mabelo a fodya, ndipo tinkati yafanana ndi yeniyeni pokhapokha titaiyendetsa m'katondo wa dzinja mpaka mawilo ake atamatirira matope. Ndinakumbukira zimenezi msuweni wanga atanditengera bokosi kuchokera ku Johannesburg. M'katimo munali tizidutswa ta pulasitiki toti ukatilumikiza ndi guluu pamatuluka kasinja wokwana pachikhatho. Kumayiko akunja ntchito imeneyi imagwiridwa ndi anthu akuluakulu, ena a imvi kale. Ndege, sitima zapamadzi ndi magalimoto a mpikisano zili ndi ozikonda ambiri, koma pali gulu lalikulu lomwe likangolawa kasinja silibwereranso kwina.

Kasinja weniweni analowa koyamba m'nkhondo pa 15 September 1916, pamene Angelezi anatulutsa Mark I pa nkhondo ya ku Somme, ku France. Inali nkhondo yomwe ija makolo athu anaitcha ya Chiwaya. Pomupanga ankabisa, n'kumauza anthu kuti akukonza mathanki a madzi, ndipo dzina lake la Chingelezi linachokera pamenepo. Komabe zifanizo zapulasitiki zitayamba kufala nkhondo yachiwiri itatha, kasinja sanali patsogolo. Kampani ya Airfix ya ku Britain inayamba ndi kathirakitala ka Ferguson mu 1949, mbumba imodzimodzi ndi mathirakitala a Massey Ferguson omwe timawaona m'maesiteti kuno. Kenako inatulutsa sitima ya Golden Hind, ndipo ana a ku Britain anadzatengeka kwambiri ndi ndege ya Spitfire.

Zinthu zinatembenukira ku Japan, mumzinda wa Shizuoka. Kumeneko Yoshio Tamiya anatsegula malo ochekera matabwa mu 1946, ndipo pang'onopang'ono anayamba kupanga zifanizo zamatabwa. Pulasitiki itabwera, malonda a matabwa analowa pansi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kampaniyo inasankha kupanga kasinja wa Germany wotchedwa Panther, pa chifukwa chimene woumba njerwa aliyense angachimve msanga: thupi la Panther ndi la mbali zowongoka, choncho chikombole chake sichivuta kusema. Anamuikanso kamota kuti aziyenda, ndipo kukula kwake anakupima pongofuna kuti mabatire awiri akwane m'mimba mwake. Atagulidwa kwambiri, Shunsaku Tamiya, mwana wa Yoshio, anamuyeza n'kupeza kuti ndi wochepa ka 35 poyerekeza ndi weniweni. Kuyambira pamenepo akasinja ena ambiri anawapanga pa muyeso womwewo wa 1/35, makampani ena anatsatira, ndipo mpaka lero ndiwo muyeso waukulu wa omanga akasinja. Mabatire awiri aja anachita mwayi, chifukwa pa muyeso umenewu msilikali amatalika pafupifupi masentimita 5, wokwanira kumupenta nkhope ndi malamba, pamene kasinja yense amakhala pashelefu osatenga malo ngati ndege yotambasula mapiko.

Koma chimene chimagwira mtima wa womanga chili m'manja, ndipo ndinachimva nditayamba wanga, yemwe anali Tiger I, kasinja wa Germany wa pa nkhondo yachiwiri. Galimoto ya mpikisano imafuna penti yonyezimira ngati galasi, moti kafumbi kamodzi kakagwerapo isanaume, ntchito ya sabata yonse yapita. Taganizirani zimenezo m'mwezi wa Okutobala kuno, kamvulumvulu akuzungulira pabwalo! Ndege nayo ili ndi msoko pamene mbali ziwiri za thupi zimakumana, woti uukwechekweche mpaka usaoneke, ndiponso kagalasi ka woyendetsa komwe guluu akangokhudza kamachita mbuu. Kasinja alibe nkhawa zotere. Penti yake ndi yosawala, thupi lake ndi lokhakhala, ndipo pamene dzanja lanjenjemera pamasanduka chipsera cha nkhondo kapena pamakwiririka ndi matope.

Wina anganene kuti umenewo ndi ulesi. Ayi ndithu. Tcheni chimodzi cha Tiger chili ndi mfundo pafupifupi 100, ndipo m'mabokosi ena umazilumikiza imodziimodzi, mbali zonse ziwiri, utapentanso mawilo ake olowanalowana. Ndiye kudetsako ndi luso palokha. M'zaka za m'ma 1970, François Verlinden wa ku Belgium ndi Sheperd Paine wa ku America anafalitsa njira zomwe anthu akugwiritsabe ntchito: kuthira penti yakuda yosungunula kwambiri kuti ilowe m'ming'alu, ndi kupukuta burashi mpaka itatsala pang'ono kuuma kenako n'kuisisitira m'mphepete kuti chitsulo chioneke chopekesedwa. Paine ankaika kasinja pakabwalo kakang'ono, pali asilikali, nyumba yogumuka ndi mitengo, ndipo zithunzi za ntchito yake zinkaikidwa m'mabokosi a kampani ya Monogram. Anthu anaona kuti chifanizo chingathe kufotokoza nkhani. Dzimbiri liyenera kutsika motsata kumene mvula imayenderera, mwaye ukhale kumene utsi umatulukira, penti isupuke pamene nsapato za asilikali zimaponda. Amene anayang'anapo bwino lole yobwera kuchokera kumsika wa fodya wa Chinkhoma amadziwa kale zimenezi, kuti fumbi lili ndi malo ake okhala.

Mbiri nayo inawapatsa ufulu omangawa. Kuyambira mu 1943, akasinja a Germany ankatuluka kufakitale ali ndi mtundu umodzi wachikasu chodera, ndipo asilikali ankapatsidwa penti yobiriwira ndi yofiirira kuti adzipakire okha kumene ali, ena posungunula ndi petulo, ena ndi madzi. Nthawi ya chisanu ankawapaka zoyera ngati laimu. Ndiye kunalibe awiri ofanana ndendende, ndipo womanga lero angathe kusankha mapakidwe ake osanama. Mitundu nayo ndi yosatha. Sherman wa America anapangidwa pafupifupi 49,000 m'maonekedwe osiyanasiyana, pamene Tiger I sanafike n'komwe 1,400, koma ndiye amene mabokosi ake sasowa m'sitolo. Mmodzi yekha ndi amene akuyendabe, Tiger 131, yemwe anagwidwa ku Tunisia mu 1943 ndipo amasungidwa ku Bovington, ku England.

Apa ndiyenera kunena chimene chinandivuta. Kasinja ndi chida chophera anthu, ndipo Tiger anali wa boma la Hitler. Usiku wina ndikupenta mawilo ndinadzifunsa ngati n'koyenera kuthera maola ochuluka chonchi pa chinthu chotere. Yankho ndinalipeza kwathu konkuno. Mganda umene timavina ku Kasungu, ndi mizere yake yowongoka, zovala zoyera ndi mabaja olira ngati malipenga, unatengera perete wa asilikali. Makolo athu anaona nkhondo, ena anasenza mtengatenga mpaka kufera m'njira, ndipo obwerera anaichepetsa nkhondoyo n'kuiika pabwalo la mudzi kuti ana aione ndi maso popanda kufa nayo. Womanga kasinja wa masentimita 18 akuchita zofananako, ngati akukumbukira kuti m'chitsulomo munkakhala anyamata asanu, ndipo kutsogolo kwa mzinga wake kunalinso ana a eni.

N'chifukwa chake bokosi lotsatira ndamuuza msuweni wanga kuti lisakhale la Germany. Mu 1944 asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ikukhuthuka usana ndi usiku. Ku Burma Angelezi ankagwiritsa ntchito akasinja a M3 Lee ndi Stuart. Ndikufuna mmodzi wa amenewo, ndi asilikali oyenda pansi omwe ndidzawapente khungu la agogo athu. Dothi lodzamata m'matcheni ndasefa kale, la kudambo la kuseri kwa nyumba, ndipo lili m'chitini cha mkaka likudikira.