Tulo, madzi ndi zingwe powoloka Atlantic pa ngalawa ya thanga

Anthu akamva kuti wina wawoloka nyanja ya Atlantic pa kangalawa ka thanga kotalika mamita 12, funso lawo loyamba limakhala la namondwe. Ine ndikamaphunzitsa oyamba kumene ndimawauza kuti namondwe amabwera mwa apo ndi apo. Chimene munthu amalimbana nacho tsiku lililonse ndi tulo.

Titenge njira yotchuka kwambiri, yochokera ku Las Palmas pa zilumba za Canary kukafika ku chilumba cha Saint Lucia ku Caribbean, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000. Ambiri amanyamuka kumapeto kwa Novembala, nyengo ya mikuntho yoopsa ikamatha, ndipo ulendo wa pagulu wa ngalawa zambiri wotchedwa ARC, womwe unayamba mu 1986, umanyamukanso nthawi yomweyo. Kangalawa kakang'ono kamatenga masabata atatu kapena kuchepera pang'ono. Pakati pa nyanja palibe poponya nangula n'kupumula. Ngalawa imayenda usana ndi usiku, choncho maso a munthu mmodzi ayenera kukhala ali tcheru nthawi zonse.

Apa ndi pomwe pali nkhani ya ulonda. Mukakhala anayi, aliyense amalondera maola atatu, kenako n'kukagona. Wolondera amaimirira mphindi 10 kapena 15 zilizonse n'kuyang'ana mbali zonse, chifukwa sitima yaikulu ya katundu ikayamba kuoneka patali imatha kukufikani mphindi 20 zisanakwane. Makina a AIS amathandiza poonetsa dzina la sitimayo ndi komwe ikulowera, koma sindinawakhulupirirepo kuposa maso. Usiku wolondera amavala jekete yoyandamitsa ndi kudzikoleka ku ngalawa ndi lamba. Lamulo langa losakambirana n'lakuti palibe wopita kutsogolo kwa ngalawa mumdima asanadzutse mnzake. Munthu akagwera m'madzi anzake ali mtulo, kumupeza n'kovuta kwambiri.

Wolondera amayang'ananso kumbuyo, kumene mphepo ikuchokera. Nyenyezi zikayamba kuzimiririka mbali imodzi, ndiye kuti kukubwera kamtambo ka mvula ndi chimphepo. Thanga lichepetsedwe nthawi yomweyo, kuganiza kawiri kumang'ambitsa nsalu.

Kugona nako n'kovuta. Mphepo ikamawomba kuchokera kumbuyo, ngalawa imapendamira uku ndi uku osalekeza, moti m'mbali mwa bedi timamangamo chinsalu kuti munthu asagubuduzikire pansi. Masiku atatu oyamba ambiri amavutika ndi nseru. Kenako thupi limazolowera, njala n'kubwerera ndi ukali.

Ife ozolowera nyanja ya Malawi timaiwala kuti madzi otizungulira kumeneko samweka. Akumwa amawerengedwa ndi malita. Mbale timatsuka ndi madzi amchere n'kutsukuluza ndi abwino pang'ono chabe. Ngalawa zina zili ndi makina ochotsa mchere m'madzi, komabe wanzeru amasunga zigubu padera, poti makina safunsa tsiku lofera. Chitofu chimapachikidwa mwakuti chizilendewera, mphika uzikhala chilili ngalawa ikapendama, ndipo wophika amavala buluku losalowa madzi ngakhale kutenthe bwanji, kuopa kupsa ndi msuzi. Tomato ndi nthochi zimatha sabata yoyamba. Kabichi, anyezi ndi mbatata ndiye zimafika nanu kutsidya, ndipo mazira amakhalitsa mukamawatembenuza. M'mawa mumatola nsomba zouluka zomwe zagwera m'ngalawa usiku. Ena amazikazinga, ine fungo lake linandikana.

Ntchito yomwe alendo saiganizira ndi yoyendera zingwe. Chingwe chikamakhudzana ndi chitsulo pamalo amodzi kwa masiku ambiri chimaperepeseka mpaka kuduka. Tsiku lililonse wina amazungulira ngalawa yonse, kusisita zingwe ndi dzanja, kuyang'ana kumlongoti, ndipo akapeza kamsomali kali pansi sakataya asanadziwe komwe kachokera.

Masana amalemba m'buku pomwe afika ndi mtunda womwe ayenda. Nthawi ya ku Saint Lucia imatsalira ndi maola 4 poyerekeza ndi ya ku Canary, choncho pamasiku angapo aliwonse wotchi imabwezedwa ndi ola limodzi. Ola lowonjezeralo timaligawana masana, chifukwa mukalisiyira wolondera wa usiku mudzamva madandaulo mpaka kukafika padoko la Rodney Bay ku Saint Lucia.