Naskh: kodi ndime za Qur'an zinafufutidwa?

Anthu ambiri akamva mawu oti naskh (liwu la Chiarabu lonena za ndime kuthetsedwa ndi ina yobwera pambuyo pake) amaganiza kuti pali mndandanda umodzi wa ndime za Qur'an zomwe zinathetsedwa, ndipo Asilamu onse anagwirizana nawo. Mndandanda woterowo kulibe.

Maziko a nkhaniyi ali mu Surah Al-Baqarah 2:106, pomwe akunena za ndime kulowedwa m'malo ndi ina yabwino koposa kapena yofanana nayo. Chitsanzo chodziwika ndi cha mkazi amene mwamuna wake wamwalira. Ndime 2:240 ikutchula chaka chathunthu, pomwe 2:234 ikuti adikire miyezi inayi ndi masiku khumi asanakwatiwenso. Akatswiri ambiri a Chisilamu anati lamulo la miyezi inayi ndilo logwira ntchito. Koma tsegulani Qur'an lero, ndime zonse ziwiri muzipeza, ndipo zimawerengedwa m'mapemphero. Chomwe chinasintha, malinga ndi iwo, ndi lamulo, osati mawu.

Mpungwepungwe uli pa chiwerengero. Olemba ena akale anawerenga ndime zoposa 200, mwa zina chifukwa liwu loti naskh ankaligwiritsanso ntchito ngakhale pomwe ndime ina ikungolongosola kapena kuchepetsa malire a inzake. Al-Suyuti, katswiri wa Chisilamu wa ku Egypt yemwe anamwalira mu 1505, anazitsitsa kufika pa 20 kapena kuposerapo pang'ono. Shah Waliullah wa ku Delhi, yemwe anamwalira mu 1762, anatsala ndi zisanu zokha.

Ndiye panali katswiri wina wakale, Abu Muslim al-Isfahani, amene akuti anakaniratu kuti mu Qur'an muli ndime yothetsedwa. Kwa otsatira maganizo amenewa, 2:240 ikukamba za ufulu wa namfedwa wokhala m'nyumba ndi kusamalidwa kwa chaka, osati nthawi yodikira.