Chotupa chachepa, nanga mwiniwake akupeza bwanji?

Dokotala akafuna kudziwa ngati mankhwala a khansa akugwira ntchito, amayang'ana zithunzi za m'thupi ndi zotsatira za magazi. Zimenezo zimamuuza za chotupa. Sizimuuza ngati wodwalayo akugona tulo, kapena ngati chakudya chikupita kukhosi. Ku China, komwe anthu pafupifupi 4.8 miliyoni anapezeka ndi khansa m'chaka cha 2022 chokha, nkhaniyi si yaing'ono ayi.

Njira yoyezera mmene wodwala akupezera ndi pepala la mafunso lomwe iye mwini amayankha. Lodziwika kwambiri ndi EORTC QLQ-C30, lomwe linatuluka ku Ulaya mu 1993 ndipo lili ndi mafunso 30. Limafunsa za ululu, kutopa, nseru, nkhawa, ngakhalenso ngati matenda akukudyerani chuma, ndipo mayankho amasanduka nambala yoyambira pa 0 kulekeza 100. Lina ndi FACT-G, la David Cella wa ku Chicago, lomwe masiku ano lili ndi mafunso 27.

Onse awiriwa anamasuliridwa m'Chitchaina mosamala: wina amasulira, winanso n'kubwezera m'Chingerezi kuti aone ngati tanthauzo silinatayike panjira. Koma mawu kulondola sindiko kuti funso lamufika pamtima munthu.

Taonani funso la mu FACT-G lofunsa ngati wodwala wavomereza matenda ake, ndi lina lofunsa ngati akuda nkhawa ndi imfa. M'mabanja ambiri ku China, dokotala amayamba wauza ana kapena mwamuna wa wodwalayo, ndipo iwo nthawi zina amasankha kumubisira poopa kuti angataye mtima. Ndiye gogo amene wauzidwa kuti ali ndi zilonda za m'mimba ayankha chiyani? Akakhala kuti maso akuvuta kapena sukulu sanapite nayo patali, mwana wake ndiye amagwira cholembera. Apa ndiye pamandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kholo limene likuona mwana akugona pampando wa m'chipatala, ndalama zikuthera pa mankhwala, silinena kuti likumva kuwawa kwambiri. Limangoti pang'ono. Nambala imatuluka yokongola, ululu uli pomwepo.

Palinso kalankhulidwe. Arthur Kleinman, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, pofufuza m'chigawo cha Hunan ku China mu 1980, anapeza kuti odwala ambiri ovutika maganizo ankadandaula za mutu, chizungulire ndi kusowa tulo, osatchula chisoni. Choncho yankho loti "sindikudandaula" liyenera kuwerengedwa limodzi ndi mayankho a tulo ndi chilakolako cha chakudya. Funso la za m'chipinda chogona, ambiri amangolidumpha.

N'chifukwa chake akatswiri a ku China komweko, motsogozedwa ndi Wan Chonghua ku Kunming, anakonza mafunso awoawo otchedwa QLICP, olembedwa m'Chitchaina kuyambira pachiyambi, okhala ndi gawo la odwala onse ndi magawo apadera a mitundu yosiyanasiyana ya khansa. Magawo apaderawa ndi ofunika. Khansa ya kuseri kwa mphuno ndi yofala ku Guangdong, Guangxi ndi Hong Kong, ndipo imachiritsidwa makamaka ndi radiotherapy, njira yowotcha chotupa ndi cheza champhamvu. Ambiri amachira ndithu, koma tiziwalo totulutsa malovu timawonongeka, m'kamwa n'kumauma gwa kwa zaka. Munthu amayenda ndi botolo la madzi kulikonse, mpunga sautha kumeza popanda msuzi, patebulo la banja amatsalira yekha. Mafunso 30 a EORTC QLQ-C30 aja alibe funso la malovu; limapezeka m'gawo lowonjezera la khansa za m'mutu ndi m'khosi.

Ine ndimaona kuti mapepala a kunja asatayidwe, poti ndi amene amalola kuyerekeza wodwala wa ku Beijing ndi wa ku London pa mankhwala amodzimodzi. Koma ndikamawerenga zotsatira, ndimayamba ndafufuza kaye kuti anagwira cholembera ndani, ndiponso ngati achibale anali atatuluka m'chipindamo.