Mwana wotseka makutu m'kalasi

Mayi wina anabwera kwa ine ndi mwana wake wamwamuna wa zaka 7, nkhope yawo ikuonetseratu kutopa. M'manja anali ndi kalata ya kusukulu, ndipo mawu ake ndinali nditawawerengapo kambirimbiri pa ana ena: samva, ndi wamakani, amasokoneza anzake. Dandaulo lalikulu linali lakuti kangapo pa tsiku mwanayu ankatseka makutu ndi manja n'kuyamba kung'ung'udza, ndipo aphunzitsi akamugwira kuti achotse manjawo, ankakuwa mpaka kudzigwetsa pansi.

Ndinapempha kuti ndikakhale nawo kumbuyo kwa kalasi. Tsiku loyamba sindinatolepo kanthu, chifukwa maso anga anali pa mwanayo. Tsiku lachiwiri ndinayamba kumvetsera chipindacho. Phunziro likamatha, belu linkalira, ana onse n'kukoka mipando yachitsulo pa simenti nthawi imodzi, aphunzitsi nawo n'kukweza mawu kuti amveke. Kwa ine linali phokoso la masiku onse la pasukulu. Kwa iye unali ululu wolasa m'mutu, ndipo manja aja ndiwo anali chitseko chokhacho chimene akanatha kudzitsekera. Ife akuluakulu tinkalimbana naye kuti chitsekocho achitsegule.

Mwanayu ali ndi autism, kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza mmene munthu amalankhulira, amachezera ndi anzake ndiponso mmene amamvera zinthu zomuzungulira. Ine ntchito yanga ndi yothandiza ana ndi achinyamata amene kaphunziridwe ndi kalankhulidwe kawo n'kosiyana ndi ka anzawo, ndipo pali mawu awiri amene makolo ayamba kundifunsa atawaona pa intaneti: neurodiversity ndi neurodivergent. Oyambawo anafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mmodzi mwa amene anawafalitsa ndi Judy Singer wa ku Australia, amene analemba za nkhaniyi mu 1998. Mfundo yake ndi yosavuta kumva. Monga m'nkhalango simumera mtengo wa mtundu umodzi, ubongo wa anthu nawo sugwira ntchito mofanana, ndipo kusiyanaku ndi chibadwa cha mtundu wa anthu. Mawu achiwiriwo amanena za munthu amene ubongo wake umalandira zinthu, kuzisanja ndi kuziyankha mosiyana kwambiri ndi wa anthu ambiri. M'gulu limeneli muli autism, ADHD, dyslexia, Tourette (kugwedeza ziwalo kapena kutulutsa mawu mosafuna) ndi zina.

Anthu amenewa si ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi autism, ndipo akatswiri amapeza ADHD mwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 60 mukhoza kuyembekezera atatu amene kukhala phee kwa theka la ola kumawavuta zenizeni. Mwana wa ADHD amadziwa bwino zoyenera kuchita. Chimene chimamuvuta ndi kugwira maganizo pamalo amodzi, kudikira, ndi kukumbukira malangizo atatu operekedwa pakamodzi. Wa dyslexia amavutika kulumikiza zilembo ndi kamvekedwe kake, nzeru zili bwinobwino. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 dzina lake Percy, amene ankalemba dzina lake lomwe kuti "Precy". Mphunzitsi wake ananena kuti maphunziro akanakhala apakamwa pokha, mnyamatayu akanaposa onse pasukulupo. Padutsa zaka zoposa 100, koma mpaka lero ana ngati Percy tikuwatchulabe kuti mbuli ndi alesi.

Ubongo wa ambiri a ife uli ndi sefa. Pamene mukuwerenga nkhaniyi simukumva nsalu ya malaya ikukhudza msana wanu, ndipo phokoso la kutali mwaliiwala. Kwa anthu ambiri a autism sefa imeneyi imagwira ntchito mwa njira ina. Kuthwanima kwa getsi, fungo la sopo wa munthu woyandikana naye, kachikwangwani ka pakhosi pa malaya ndi mawu a anthu asanu zimafika zonse pamodzi, zonse mwamphamvu. Ena zimawachitikira mosemphana: samva kupweteka msanga, ndipo thupi lawo limafuna kudumpha, kuzungulira kapena kufinyidwa kuti akhazikike. Munthu akamakhala m'dziko laphokoso chotero, n'zosadabwitsa kuti amakakamira ndondomeko imodzi, njira imodzi, mpando womwewo. Zinthu zodziwikiratu zimamupatsa mpumulo.

Funso limene amayi ambiri amandifunsa motsitsa mawu, nthawi zambiri atanyamuka kale kuti azipita, ndi lakuti, "Kodi ndinalakwitsa pati?" Funso limeneli limandipweteka chifukwa ife a ntchito imeneyi ndi amene tinalibzala. Dokotala Leo Kanner atafotokoza za ana 11 a autism ku Baltimore, ku America, mu 1943, panabuka chiphunzitso chakuti autism imabwera chifukwa cha amayi ouma mtima, osakonda ana awo, ndipo katswiri wa za maganizo Bruno Bettelheim anachifalitsa kwambiri. Amayi osalakwa anasenza mlandu umenewu kwa zaka zambiri. Kuyambira 1977, kafukufuku wa mapasa anaonetsa kuti mbali yaikulu ya autism ndi yotengera kumtundu. Bodza lina linadza mu 1998, pamene Andrew Wakefield analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet za ana 12, n'kuchititsa anthu kuganiza kuti katemera wa MMR, amene amateteza ku chikuku, amayambitsa autism. Magaziniyo inachotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Mu 2019 kafukufuku wa ku Denmark wa ana oposa 650,000 sanapeze kugwirizana kulikonse pakati pa katemerayu ndi autism. Mayi, simunalakwe pomubaya mwana katemera, ndipo simunalakwe pomulera.

Kwa nthawi yaitali mabuku athu ankaphunzitsa kuti anthu a autism ndiwo satha kumvetsa anzawo. Mu 2012 Damian Milton, katswiri wa ku Britain amenenso ali ndi autism, anatembenuza funsolo: nanga enanu mumatimvetsa ife? Iye anati anthu awiri amene amamva dziko mosiyana akakumana, kusamvana kumachokera mbali zonse ziwiri. Mu 2020 Catherine Crompton ndi anzake ku Edinburgh, ku Scotland, anaika anthu m'magulu a anthu 8 kuti azipatsirana nkhani, woyamba kuuza wachiwiri, wachiwiri kuuza wachitatu, mpaka womaliza. Magulu a anthu a autism okhaokha anasunga nkhaniyo bwino lomwe mofanana ndi magulu a anthu opanda autism. Amene anali m'magulu osakaniza ndiwo ananena kuti sanamasukirane kwenikweni.

Zimenezi zinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito. Ngati kusamvana kuli pakati pa anthu awiri, n'chifukwa chiyani mtunda wonse timausiyira mmodzi, amenenso ndi mwana? Timamuphunzitsa kukhala ngati ife, kuyankha ngati ife, kuseka pamene ife tikuseka. Ife sitiphunzira kanthu ka iye. Ana ena amaukwanitsadi ulendowo, koma mtengo wake ndi wowawa. Ndikukumbukira mtsikana wa zaka 12 amene aphunzitsi ake ankamutcha chitsanzo cha khalidwe labwino. Tsiku lonse ankaonera anzake n'kumatengera mayankhulidwe awo, akumeza phokoso ndi mantha. Akangolowa m'nyumba ankaponya chikwama, n'kulira kwa ola lathunthu, ndipo amayi ake palibe ankawakhulupirira. Kudzibisa kotereku kumatopetsa, ndipo kumayendera limodzi ndi nkhawa ndi matenda ovutika maganizo. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene atsikana amazindikiridwa mochedwa, pamene anyamata opezeka ndi autism amachuluka pafupifupi kanayi.

Inenso ndinalakwitsapo. Nditangoyamba ntchito, mwana akamakupiza manja ndinkawagwira n'kuwaika patebulo, ndikuona ngati ndikumuthandiza kuti asamaoneke wachilendo. Ndinadzazindikira mochedwa kuti ndi kukupiza komweko ankadzitonthoza, monga ena a ife timagwedezera mwendo tikamadikira uthenga wovuta. Ndikamugwira manja, maganizo ake onse ankathera pa kusasuntha, phunziro langa osalimvanso. Masiku ano ndimaletsa chokhacho chimene chikumuvulaza, ndipo ngakhale pamenepo ndimayamba ndafufuza gwero lake. Mwana wosalankhula akayamba mwadzidzidzi kumenyetsa mutu kukhoma, muonetseni kaye mano, makutu ndi m'mimba kwa achipatala. Kawirikawiri pamakhala pena pakupweteka pamene iye sangathe kuloza.

Tisiyanitsenso kuvuta kwadala ndi kusefukira. Mwana wovuta dala amafuna chinachake, amasuzumira kuti aone ngati mukumuona, ndipo akachipeza amatonthola. Wosefukira, chikho chadzaza. Ngakhale mumupatse chimene amachikonda kwambiri, sachiona. Pa nthawi imeneyi kukalipa ndi kumenya kuli ngati kuthira madzi ena m'chikho chodzaza kale. Chepetsani mawu, chepetsani anthu, muchotseni pa phokoso, ndipo onetsetsani kuti sakuvulala. Malangizo adikire mtima utakhala pansi. Inu wodutsa amene mwaona zimenezi pagulu, musaime n'kumaonerera, musatulutse foni kuti mujambule, ndipo mawu akuti "akanakhala wanga" asungeni. Yandikirani mayiyo mwakachetechete, munene kuti, "Ndikunyamulireni katunduyu," kapena muyang'anireni mwana winayo. Makolo ambiri amene ndimakumana nawo anasiya kupita pamene pasonkhana anthu, ndipo chimene chinawathamangitsa ndi maso athu.

Sindikufuna kukometsera nkhaniyi mopitirira. Pali anthu a autism amene ali pa ntchito zapamwamba ndipo ali ndi mabanja awo. Palinso ena amene sadzalankhula ndi pakamwa, ofunika kusamalidwa moyo wawo wonse. Khunyu limapezeka kawirikawiri mwa anthu a autism kusiyana ndi ena, kusowa tulo n'kofala, ndipo ana ena amazemba pakhomo n'kulunjika kumadzi, zimene zatayitsa miyoyo yambiri. Kholo limene latha zaka likugona maola atatu usiku silifuna kuuzidwa kuti mwana wake ndi mphatso chabe. Likufuna munthu woti akhale ndi mwanayo masana amodzi kuti ligone. Thandizo lenileni lilipo: kuyezetsa makutu mwana akachedwa kulankhula, kumuphunzitsa kulankhula ndi zithunzi kapena zizindikiro za manja, ndiponso mankhwala monga methylphenidate amene amathandiza ana ambiri a ADHD akaperekedwa ndi dokotala. Koma mankhwala ochiza autism kulibe, ndipo wokugulitsani otero akudyera misozi yanu.

Zambiri zimene zimathandiza sizilira ndalama. Mukafunsa funso, werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndadabwa kangapo kumva yankho lomveka bwino likutuluka pa sekondi yachisanu ndi chitatu, pamene kale ndikanakhala nditayankha kale ndekha. Kubwereza funso ndi mawu ena kumachititsa mwanayo kuyambiranso kumasulira. Nenani zimene mukutanthauza mosazungulira, chifukwa mawu okuluwika ena amawamva monga momwe alili. Chenjezani zinthu zisanasinthe. Wa ADHD mupatseni langizo limodzi pa nthawi, ndipo mutumeni kukafufuta bolodi thupi lisanamukakamize kudzuka lokha. Wa dyslexia musamuimiritse mwadzidzidzi kuti awerenge pamaso pa anzake. Muphunzitseni kamvekedwe ka zilembo pang'onopang'ono, mwandondomeko, ndipo mulole aonetse zimene akudziwa poyankha pakamwa.

Ana amenewa amakula, ndipo kuntchito nkhani ndi yomweyo. Malangizo olembedwa, malo opanda phokoso, ndi kuyesa munthu pomupatsa ntchito yeniyeni m'malo mongoona mmene akuchezera pomufunsa mafunso, zapulumutsa antchito aluso amene akanatayidwa. Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu aulumali limanena kuti kukana kusintha zinthu moyenera kotereku ndi tsankho. Ndipo musanamusinthire munthu chilichonse, mufunseni mwini wake. Amadzidziwa kuposa ine ndi mabuku anga.

Kwa mnyamata uja tinachita zinthu zitatu. Miyendo ya mipando tinaikulunga ndi zidutswa za labala, tinamusunthira kutali ndi khomo, ndipo aphunzitsi anavomera kuti manja ake asamawagwirenso. Kudzigwetsa pansi kunachepa kwambiri, ngakhale kuti sikunatheretu. Nditabwererako patapita miyezi iwiri, ndinaona chinthu chimene sitinachikonze. Kamtsikana kokhala naye pafupi kanayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kumunong'oneza kuti, "Belu latsala pang'ono." Iye anaika pensulo pansi, n'kutseka makutu. Belu litasiya kulira, anatola pensulo ija n'kupitiriza samu yake.