Mbiri ya Josina ndi tsiku la 7 April ku Mozambique

Ku Mozambique pa 7 April anthu sapita kuntchito, ndi holide ya amayi. Amavala zitenje zofanana magulumagulu, ena kukaika maluwa ku Praça dos Heróis, bwalo lomwe anaikako ngwazi za dzikolo ku Maputo, ena kungovina m'maboma mwawo mpaka dzuwa kulowa. Tsikuli sanangolitola ayi, ndi tsiku lomwe anamwalira Josina Machel mu 1971, ali ndi zaka 25 zokha. Koma mukafunsa anthu kuti kodi Josinayo anali ndani, ambiri amathamangira kuyankha kuti anali mkazi wa Samora Machel, pulezidenti woyamba wa dzikolo, basi, ngati nkhani yonse ndi ya chikondi cha kutchire chija olemba mabuku a nthano amachikonda, chonsecho banja lawolo silinakwanitse ndi zaka ziwiri zomwe.

Iye anabadwa pa 10 August 1945 ku Vilanculos, dzina lake lenileni Josina Muthemba, bambo ake anali nesi, ndipo kubanja kwawoko Apwitikizi ankawadziwa kale kuti ndi anthu osagonja. Atapita kusukulu ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, analowa NESAM, kagulu ka ana asukulu akuda komwe anayambitsa Eduardo Mondlane, amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, gulu lomenyera ufulu wa Mozambique, ndiye kumeneko ndi komwe ndale zinamulowa m'magazi. Mu 1964, asanakwane zaka 19, anathawa ndi anzake kuti akalowe FRELIMO ku Tanzania koma anagwidwa ku Victoria Falls, apolisi a Rhodesia nkuwabweza m'manja mwa Apwitikizi, anakhala m'ndende miyezi ingapo. Wina akanangoti zandikwana ndibwerere kusukulu. Iyeyu atangotuluka anathawanso, ulendo uno kudzera ku Swaziland, South Africa, Bechuanaland mpaka Zambia, ulendo wozemba wa miyezi yambiri, nkukafika ku Dar es Salaam mu 1965. Nthawi yonseyi za ukwati ndi Samora kunalibe nkomwe, zinabwera patatha zaka zinayi.

Ku Dar anagwira ntchito ku Mozambique Institute, sukulu ya ana a ku Mozambique othawa kwawo, pansi pa Janet Mondlane, mkazi wa Eduardo, ndipo atapatsidwa mwayi wa sukulu ku Switzerland anakana, iye amafuna ku Nachingwea komwe asilikali a FRELIMO ankaphunzira nkhondo. Apa ndiye pali nkhani yomwe ine ndimaona kuti ndi yaikulu kuposa za chikondi zija. Gulu la asilikali aakazi, Destacamento Feminino, litakhazikitsidwa mu 1967 munabuka mkangano wa mnanu mkati mwa FRELIMO momwemo, azibambo ena makamaka akuluakulu a ku Cabo Delgado sankafuna kumva zoti mtsikana avale buluku, anyamule mfuti, azigona kumakampu ndi anyamata, ankati ndi kuononga mwambo ndipo atsikanawo ankanenedwa mayina oipa, makolo ena mpaka kukaniza ana awo. Chonsecho ndi amayi omwewo ankasenza zipolopolo ndi chakudya pamutu kuchokera kumalire a Tanzania, kuoloka mtsinje wa Rovuma, kuyenda masiku ndi masiku. Kusenza katundu palibe ankadandaula eti, vuto linali mfutiyo. Nkhaniyi inakafika ku msonkhano waukulu wachiwiri wa FRELIMO mu July 1968 ku Matchedje m'chigawo cha Niassa, Josina analipo ngati nthumwi, ndipo mbali yofuna kuti amayi amenye nawo nkhondo ndi yomwe inapambana.

Mondlane anaphedwa ndi bomba la m'phukusi pa 3 February 1969. Patangopita miyezi itatu, mu May, Josina ndi Samora anamanga ukwati ku Tunduru kummwera kwa Tanzania, chipani chili pa chipwirikiti cha utsogoleri, ndipo mwana wawo Samito anabadwa chakumapeto kwa chaka chomwecho. Chikondi chinalipo, izo sindikutsutsa, ndakatulo yomwe Samora analemba mkazi wake atamwalira, yonena kuti iwe Josina sunafe, mpaka pano anthu amailakatula. Kungoti anthu awiriwa nthawi yokhala limodzi inali yochepa kwambiri, bamboyo kunkhondo, mayiyo paulendo.

Nanga ntchito yake yeniyeni inali chani? Anamupatsa udindo woyang'anira za chisamaliro cha anthu, ndiye kuti ana amasiye omwe makolo awo anafa ndi mabomba, malo osungira ana, timasukulu ta pansi pa mtengo m'madera omwe FRELIMO inalanda. Ntchito yosamveka kukoma mu filimu koma yolemetsa zedi, chifukwa kumeneko kunalibe galimoto, kunali kuyenda wapansi ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, khanda kulisiya m'manja mwa ena ku Tanzania. Mu 1970 anayamba kudwala kwambiri, anapita naye ku Moscow, madokotala anamuuza kuti apume, iye atabwerako anapitiriza maulendo omwewo, kumayambiriro kwa 1971 anali ku Cabo Delgado thupi litatheratu. Anabwerera naye ku Dar nkukamwalirira ku chipatala cha Muhimbili. Ufulu wa pa 25 June 1975 sanauone, mafupa ake anachita kudzawatenga pambuyo pake kukawaika ku Praça dos Heróis.

Boma la FRELIMO linamukweza kwambiri, sukulu yaikulu ya ku Maputo yomwe kale inali Liceu Salazar inasinthidwa kukhala Josina Machel, ngakhale ku Luanda ku Angola kuli chipatala cha dzina lake, ndipo Samora atakwatira Graça mwana wawo wamkazi anamutchanso Josina. Apa mpomwe ena amang'ung'udza, amati akanakhala kuti sanakwatiwe ndi mtsogoleri kodi tsikuli likanakhala lake? Funso lake ndi lomveka ndithu, chifukwa atsikana oyamba kulowa Destacamento ambiri anali akumudzi a ku Cabo Delgado, osapita patali ndi sukulu, ngati Marina Pachinuapa, omwe anagwira mfuti Josina asanafike kumakampuko ndipo ambiri mayina awo sali pa msewu uliwonse. Ine ndimaona kuti ukwatiwo unathandiza dzina lake kutchuka, zimenezo nzoona, koma amene anagwidwa ku Victoria Falls nkulowa m'ndende mu 1964 anali Josina Muthemba, ndipo amene akufuna kulemba buku la nthano pa moyo wake akuyenera kuwapatsanso malo atsikana a ku Cabo Delgado aja, osangodzaza masamba ndi Samora.