Mausiku a pa mitala amawerengedwa

Amuna ambiri amene amandifunsa za mitala amaidziwa pamtima ndime 3 ya Surat An-Nisa m'Qur'an, makamaka pamene pakutchulidwa akazi awiri, atatu kapena anayi. Akafika pamenepo amaima, chonsecho ndimeyo imapitirira: ngati mukuopa kuti simuchita chilungamo, kwatirani mmodzi basi.

Ena amathawira ku ndime 129 ya sura yomweyo, imene imati simungathe kulinganiza akazi ngakhale mutayesetsa chotani. Amvekere, "Si izi, Allah wanena yekha kuti n'zosatheka." Kumeneko n'kuwerenga mothamanga. Akatswiri a fiqh, malamulo a Chisilamu, amalongosola kuti ndimeyi ikunena za mtima. Chikondi sichiyezedwa pa sikelo, ndipo mwamuna safunsidwa mlandu chifukwa mtima wake wakondetsa uyu. Koma ndime yomweyo ikuletsa kupendekera mbali imodzi mpaka winayo kukhala ngati wopachikidwa m'malere, osadziwa ngati ali pabanja kapena anasiyidwa.

Zimene munthu angathe kuwerenga ndi zala, zimenezo ndiye adzafunsidwa. Choyamba ndi mausiku, kagawidwe kamene m'Chiarabu amati qasm. Wagona kwa mkazi wamkulu lero, mawa ndi kwa wamng'ono. Mkazi akadwala, akakhala kumwezi, kapena akangobereka kumene, usiku wake sufafanizidwa, pakuti cholinga ndi kucheza naye ndi kumuchotsa kusungulumwa, osati za kuchipinda zokha. Amene amagwira ntchito usiku, monga mlonda, agawe masana. Mkazi watsopano yekha ndiye amapatsidwa apadera: mausiku 7 ngati ndi namwali, atatu ngati anakwatiwapo, kenako kagawidwe kabwerera mwakale.

Mtumiki Muhammad (SAW) akafuna kupita pa ulendo ankachita maere kuti adziwe wopita naye. Atadwala matenda amene anamwalira nawo, anayamba wapempha kaye akazi ake kuti amulole kukadwalira kwa Aisha, mmodzi mwa iwo. Munthu wodwala chotero, koma osadzitengera yekha usiku wa wina! Sawda bint Zam'a, mkazi wina wa Mtumiki, anapereka tsiku lake kwa Aisha, inde, koma anapereka yekha. Usiku ndi wa mkazi, ndiye amene angaupereke, ndipo akasintha maganizo angathe kuutenganso.

Pa chakudya, zovala ndi pogona, ma ulama, akatswiri a Chisilamu, amasiyana pang'ono. Ambiri amati aliyense apatsidwe zomukwanira, choncho wa ana asanu sangalandire zofanana ndi wa mwana mmodzi. Kuwaunjika akaziwo m'nyumba imodzi iwo asanavomere n'kosaloledwa.

Hadith (mawu a Mtumiki) yosimbidwa ndi Abu Hurayra, imene ili m'mabuku a Abu Dawud ndi Tirmidhi, imati wokondera mkazi mmodzi adzafika pa tsiku la Kiyama mbali imodzi ya thupi itapendekeka. Maiko ena sanafune kusiya nkhaniyi m'manja mwa mwamuna yekha. Tunisia inaletseratu mitala mu 1956, pamene ku Morocco kuyambira 2004 mwamuna amayenera kupeza chilolezo cha woweruza, ndipo mkazi woyamba amaitanidwa kukhoti kuti amve nawo.